Khola, mpanda, chipinda kapena nyumba yonse: kalulu wa m'nyumba azikhala pati?

Kalulu wanga woyamba anakhala miyezi itatu m'kakhola ka waya komwe ndinagula tsiku limodzi ndi iye. Cha m'ma 4 koloko m'bandakucha ndinkadzidzimuka ndi phokoso, iye ali kalikiliki kuluma zitsulo n'kumagwedeza khola lonse. Ndinkati ndi mwano. Ndinadzazindikira mochedwa kuti kalulu amachangamuka m'bandakucha ndi madzulo kachisisira, masana amangowodzera, ndiye nthawi yomwe miyendo yake inkafuna kuthamanga ndi yomwe ine ndinkamutsekera. Kuchokera apo ndayesa njira zinayi, ndipo sizifanana.

Pa khola sinditayapo nthawi. Bungwe la Rabbit Welfare Association & Fund la ku UK limati akalulu awiri a msinkhu wapakati amafunika malo osachepera mamita 3 m'litali, mamita 2 m'lifupi ndi mita imodzi kupita m'mwamba, ndipo malowo azikhala otsegula usana ndi usiku. Makola ambiri ogulitsa safika ngakhale mita imodzi ndi theka. Akakhala a waya pansi ndiye zoipiratu, chifukwa kuphazi kwa kalulu kulibe kamnofu kokhuthala konga ka galu kapena mphaka. Kuli ubweya wokha, ukaperepeseka pamatuluka zilonda. Langa ndinalichotsa chitseko, pansi ndinayalapo thabwa, pano ndi pogona chabe.

Mpanda wosunthika ndi umene ndimauza aliyense woyamba kumene kuti ayambe nawo. Ndi tizitseko tawaya tolumikizana, tomwe kawirikawiri amapangira ana agalu, ndipo mumatha kuupinda kapena kuutambasula malinga ndi mmene chipinda chilili. Usachepere masentimita 90 kutalika. Wanga anatulukapo kawiri, osati chifukwa mpanda unali waufupi, koma ndinaika katoni yake yobisalamo m'mphepete, iye n'kuisandutsa makwerero. Katoniyo ikhale pakati, ndipo muiboole makomo awiri: kalulu ndi nyama yosakidwa, sakhazikika m'malo otulukira kumodzi. Ngati ndi mwana, onani kuti mutu wake sungalowe m'mipata ya waya. Pansi pakakhala pa matayilosi kapena simenti yoterera, yalani chinsalu chokhuthala kapena kapeti yaubweya waufupi, apo ayi azingotsetsereka ndipo mapeto ake adzasiya kuthamanga. Kuipa kwa mpanda n'koti umadya malo pabalaza, komanso paokha sukwanira. Kuti kalulu atchetche liwiro lenileni, lija amadumpha m'mwamba n'kudzipotokola, ayenera kutulutsidwa maola angapo tsiku lililonse.

Chipinda chakechake chimaposa mpanda pa kukula, ndipo mumangokonza makoma anayi basi. Koma ndinaona vuto lomwe sindinkaliyembekezera. Chitseko chikatsekedwa, kalulu amaiwalika. Anthu ali pabalaza akucheza, iye ali yekha ndi khoma, chonsecho ndi nyama yokonda kukhala pagulu. Kageti kakafupi pakhomo m'malo mwa chitseko kamathandiza, ndipo mnzake wachiwiri amathandiza koposa. Musasankhe chipinda chowombedwa ndi dzuwa la masana, chifukwa kalulu satuluka thukuta ngati ife, kutentha kukayandikira madigiri 30 moyo wake umakhala pachiswe.

Tsono nyumba yonse. Iyi ndi njira yomwe bungwe la House Rabbit Society, lomwe linayamba mu 1988 ku California, linathandiza kutchukitsa, ndipo kalulu woyenda momasuka amasinthadi khalidwe. Amakutsatirani kukhitchini, amadziponya cham'mbali pakati pa balaza n'kugona ngati wafa. N'zokoma kuona. Mtengo wake ndi woti nyumba imasiya kukhala yanu nokha.

Mano akutsogolo a kalulu amakula moyo wake wonse, pafupifupi mamilimita awiri pa sabata, choncho kutafuna sangakusiye ngakhale mumukalipire chotani. Nthambo ya magetsi amaidula kamodzi n'kamodzi ngati muzu. Ine ndinataya matchaja a foni atatu, koma chomwe chinandiopsa ndi tsiku lomwe ndinapeza nthambo ya firiji itasendeka mpaka kuoneka waya wamkati. Akanaluma pang'ono pokha akanapsa m'kamwa kapena kufa kumene. Tepi sithandiza. Nthambo iliyonse ilowe m'paipi yolimba ya pulasitiki kapena ikwezedwe pomwe sangafike ataimirira, ndipo kuseri kwa TV, sofa ndi firiji kutsekedwe. Gwadani pansi, muone nyumba yanu mmene iye amaionera, mudabwa ndi mipata yomwe simunkaidziwa.

Kukumba nakonso kuli m'magazi. Akalulu owetawa anachokera ku mtundu wa ku Ulaya wokumba mauna, osati kalulu wathu wa m'nthano uja wongobisala m'udzu. Ngodya za kapeti amazifukula, ndipo akameza ulusi n'zoopsa chifukwa kalulu sasanza, chalowa chalowa. Pangodya yomwe waikonda ikanipo tayilosi lolemera, iyeyo mumupatse katoni yodzadza mapepala kuti azikumbamo. Maluwa a m'nyumba monga dieffenbachia ndi philodendron ndi poizoni kwa iye, ndipo tsamba lothothoka lokha n'lokwanira kumudwalitsa. Onjezanipo chitseko chakunja chosiyidwa chotsegula, mlendo woyenda osayang'ana pansi, ndi galu amene mumati ndi wofatsa.

Pali chinanso chomwe chimandikokera ku mpanda. Kalulu amabisa matenda, ndipo chizindikiro choyamba nthawi zambiri ndi kusiya kudya ndi kuchepa kwa ndowe. Akatha maola 12 osadya kapena osachita chimbudzi, muthamangire kwa dokotala wa ziweto chifukwa matumbo ake akaima amatha kufa msanga. Akagona mumpanda, m'mawa mumangoyang'ana udzu ndi beseni lake la chimbudzi n'kudziwa mmene wagonera. Wa nyumba yonse akhoza kukhala kunsi kwa bedi tsiku lathunthu inu mukuti akupuma.

Beseni la chimbudzilo limafunika pa njira zonsezi. Liikeni pangodya yomwe iye wasankha kale, pansi pake zoyamwa mkodzo zopangidwa ndi mapepala, mbali imodzi udzu wouma wambiri, popeza amakonda kudya akudzithandiza. Mchenga wa amphaka uja umaumbika ukanyowa musaugwiritse ntchito. Kalulu wosafulidwa amawaza mkodzo polemba malire ake, ndiye musanamupatse nyumba yonse kambiranani ndi dokotala za kumufula kapena kumutseka.

Pano akalulu anga awiri amagona mumpanda wa pabalaza, khola lakale lija lili m'kati mwake lopanda chitseko. Ndikadzuka ndimatsegula, ndikamapita kuntchito ndimatseka, madzulo ndimatsegulanso mpaka nthawi yogona. Amayenda pabalaza ndi m'khonde la m'kati mokha. Kuchipinda chogona sindiwalola, chifukwa kumeneko n'komwe ndimatchajira foni.