Malimu achitsulo pa Hilux: kunjenjemera kwake tinakupeza pati, ndipo pano akuyenda bwanji

Amene mukuganiza zochotsa ma mag (malimu a aluminiyamu aja) n'kuika malimu achitsulo pa pikapu yanu ndikuuzenitu pano pomwe, malimuwa ndi abwino ndipo ine sindikuwachotsa, adutsa dzinja lonse lathali ndi chilimwe chake ali pagalimoto. Koma galimoto ikayamba kunjenjemera mukangowaika musamangobwerera kobalansa, ndalama zithera komweko. Yambani mwaona manati ndi bowo lapakati la limulo.

Yanga ndi Hilux D-4D double cab, inabwera ndi ma mag a mainchesi 17, matayala 265/65R17. Ntchito yanga ndi yozungulira m'midzi kugula soya ndi mtedza, Mchinji, Dowa, Kasungu uko, nde mag imodzi itang'aluka pa dzenje ndinangoti basi zokwana, chitsulo chimapindika n'kuwongoleka pomwe mag ikasweka yasweka. Msuweni wanga amene amabweretsa katundu kuchokera ku Joni anandibweretsera asanu, akuda aja a mabowo ozungulira, 17 yomweyo, mabawuti 6 okhala pa mzere wozungulira wa 139.7 mm monga Hilux imafunira. Matayala tinangosamutsa omwe aja, ndipo mfundo imeneyi inadzathandiza kwambiri pambuyo pake chifukwa matayala amenewo pa ma mag sankanjenjemera ngakhale pang'ono.

Mutauni zonse zinali bwinobwino. Koma kungotuluka pa M1 kulowera ku Dedza, kudutsa Nathenje, singano ikafika pa 90 chiwongolero chinkayamba, pa 100 manja akuchita kunthunthumira ngati wagwira chigayo cha dizilo, galasi lapakati osaonekanso bwino zakumbuyo. Ukatsika pa 80 zii. Ukaponda mabuleki sizikusintha, nde ma disc a mabuleki ayi. Ukaika nyutulo galimoto ikuyenda yokha pa liwiro lomwelo kunjenjemera kulipobe, nde si injini. Anthu ena anayamba kunditchulira propshaft, chitsulo chachitali cha pansi pa galimoto chopereka mphamvu ku matayala akumbuyo, koma propshaft imazungulira mwachangu kuposa tayala katatu kapena kupitirira, yake imamveka ngati kulira kwa pansi pa mpando, pomwe izi zinali kugwedeza kwenikweni kwa m'manja. Tayala la saizi imeneyi likazungulira kamodzi limayenda mamita pafupifupi 2.4, pa 100 ndiye kuti likuzungulira ka 11 pa sekondi iliyonse, nde kalikonse kokhota pang'ono kakukumenya m'manja ka 11 pa sekondi.

Kobalansa ndinapitako, kubwererakonso, kwinanso. Kulikonse makina akuonetsa 0 ndi 0, mnyamata akundiitana kuti bwana taonani nokha, ndikuonadi ziro. Kupita pa msewu chimodzimodzi. Chimene chinandidabwitsa n'choti malo aliwonse ankachotsa tizitsulo ta balansi ta anzawo n'kukhoma tawo pamalo ena, tolemera mosiyananso, limu lomwelo tayala lomwelo. Wina anati alayimenti, koma alayimenti imakoka galimoto mbali imodzi ndi kudya matayala, kawirikawiri siyambitsa kunjenjemera kwa pa liwiro limodzi ngati kumeneku, ndipo isanasinthidwe malimu inali bwino.

Amene anaipeza nkhaniyi ndi bambo ena achikulire okonza ma Land Cruiser, sanayambe n'komwe ndi makina. Anamasula nati imodzi n'kundiika m'manja, akuti achimwene tayang'anani kunsi kwake. Nati ya ma mag a Toyota ili ndi washa yafulati ndi kakhosi kamene kamalowa m'bowo la mag. Limu lachitsulo bowo lake ndi lotsetsereka, lopita mkati ngati fanulo, limafuna nati yosongoka ya madigiri 60 kuti ikamamangidwa izilikokera limulo pakati. Anyamata amene anandiikira malimu anangobwezera manati akale aja. Titachotsa tayala zinkachita kuonekeratu, pa bowo lililonse penti yachoka kamzere kozungulira pamwamba pokha pamene washa inkaluma, mkati motsetsereka muja penti ili gwa yonyezimira, sinakhudzidwepo. Pa mabowo awiri panali kafumbi kofiira ka dzimbiri, bambo aja akuti chimenecho ndi chizindikiro choti limu limasuntha pang'onopang'ono galimoto ikamayenda. Apa si nkhani ya kunjenjemera kokha, manati otere amamasuka, bowo limakula, mabawuti amatha kuthyoka uli pa liwiro.

Ndiye pali bowo lapakati. Habu ya Hilux, pamene limu limakolekedwa paja, ndi 106.1 mm ndipo limu la ku fakitale limakhala thi pamenepo, habuyo ndi imene imaliika pakati. Malimu ambiri achitsulo ogula paderawa bowo lawo ndi 110 kuti alowe pa mapikapu osiyanasiyana a mabawuti 6. Kusiyana kwake ndi 3.9 mm, kutanthauza kuti ukalikoleka limu limatha kutsika pafupifupi mamilimita awiri lisanakhudze habu, ndipo wina akabwera ndi gani ya mphepo n'kumanga nati yoyamba mpaka kumapeto, lakhazikika pomwepo lili chopendekera. Mamilimita awiri pa pepala ndi kanthu kochepa koma pa 100 ndi zija ndinkamva m'manjazi. Nde tayala likhoza kukhala lobalansidwa bwinobwino pa makina, pagalimoto n'kumazungulira mosakhala pakati.

Tinagula manati osongoka, ulusi wake M12 x 1.5, onetsetsani zimenezi chifukwa a Nissan ndi 1.25 ndipo m'shopu amaoneka ofanana. Kumanga kwake bambo aja anachita okha, galimoto ili pa jeke tayala lili m'malere, kupala kaye dzimbiri pa habu ndi burashi yawaya, manati onse ndi zala mpaka atakhudza, uku akuligwedeza tayala kuti likhale, kenako sipanala pang'onopang'ono modumphadumpha, iyi kenako ya kutsidya kwake, kuzungulira kangapo, pomaliza torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, pa 105 Nm monga buku la galimoto yanga likunenera. Gani sanaikhudze n'komwe. Kupita pa msewu kunjenjemera kwakukulu kunali kutachoka, kunatsala kakang'ono cha pa 100.

Kotsalako kanali ka kobalansa. Makina ambiri amagwira limu ndi koni yolowa pa bowo lapakati, zimene zili bwino pa mag chifukwa bowo lake ndi losemedwa molondola. Pa malimu achitsulo otchipawa bowo lija amangoboola, silikhala pakati penipeni nthawi zonse, pakati pake pa limulo ndi mabowo a mabawuti. Pali kayesedwe kosavuta kamene aliyense angapemphe: akamaliza kubalansa makina aonetsa ziro, auzeni amasule, alitembenuze tayala theka, amangenso n'kuzungulitsa. Langa linachoka pa 0 kufika pa magalamu 40 ndi kanthu osakhudza kachitsulo kalikonse, mnyamata uja anangoti aaa. Ziro ija inali yabodza. Chofunika ndi mbale ya zala imene imagwira limu pa mabowo a mabawuti monga limakhalira pagalimoto, si malo onse ali nayo, ena ali nayo koma ili pansi pa tebulo yachita fumbi chifukwa imachedwetsa ntchito. Funsani musanatsitse matayala, akati alibe pitirirani.

Pomwepo tinapezanso kuti limu limodzi mwa asanu aja ndi lokhota lokha chibadwire. Izi mutha kuziona pakhomo, kwezani jeke, ikani njerwa pafupi ndi mlomo wa limu, gwirani choko pa njerwapo chingotsala pang'ono kukhudza, zungulitsani tayala. Anayi choko chinkangotsala pamtunda womwewo, lachisanu chinkalemba mbali imodzi n'kusiya inayo, mpata ukuchita kutseguka n'kutsekeka. Limu lotere ngakhale mulikhome tizitsulo tochuluka bwanji silingasiye, balansi imakonza kulemera, siwongola chokhota. Kulibweza ku Joni kukanadya ndalama zoposa mtengo wake nde linangopita pansi kukhala sipeya. Pa matayala enawo anawamasulanso n'kuwatembenuza pa limu mpaka pomwe tayala ndi limu zikugwirizana, tizitsulo tinachepa kwambiri.

Za maringi oika pakati kuti 110 ikhale 106.1 anthu amandifunsa. Pa mag amagwira bwino chifukwa pali mnofu wokwanira, koma pa chitsulo chopyapyalachi apulasitiki aja alibe pogwira penipeni, amagwa ukamakoleka tayala. Ena amakasemetsa a aluminiyamu pa lefu, makina osemera zitsulo, ndipo akuti amathandiza poika. Ine ndilibe, manati olondola ndi kumanga mwaulemu zandikwanira.

Pano miyezi yapitapo ndithu, nde zimene ndaona ndi izi. Kunjenjemera kunabwerera kamodzi m'dzinja nditachokera ku Dowa, mtima unachita kuti phaa kuganiza kuti tayambanso, koma kusuzumira kuseri kwa limu ndinapeza chibuma cha dothi lofiira chitaumira mbali imodzi, chachikulu kuposa tizitsulo tonse ta balansi kuphatikiza. Malimu amenewa mkati mwake muli kakhonde pamene mbale yake inawotcheredwa ndipo matope amakonda pamenepo. Kutsuka ndi payipi basi zinatha. Nde anyamata otsuka galimoto muziwauza alowetse madzi kuseri, iwo amangopukuta kumaso kuti kuwale. Kachitsulo kamodzi kokhoma pa mlomo kanagwanso m'matope momwemo, pano ndimakonda tomata mkati ngakhale natonso timafuna pamalo poyera bwino kuti tigwire.

Dzenje lina pa msewu wa ku Mchinji linandipinda mlomo wa limu lakutsogolo, mpweya ukuchita kuti fyii. Pa trading centre mkulu wina wokonza matayala anawongola ndi hamala, kupopa, ulendo n'kupitirira, ndinakabalansitsa nditabwerera ku Lilongwe. Pa chifukwa chimenechi chokha ndalama zanga ndinaziona kuti sizinapite pachabe, ikanakhala mag bwenzi tikunena zina.

Zoipa zake zilipo. Ndi olemera, ukamasintha tayala msana umadziwa, ndipo galimoto pa mabampu ang'onoang'ono a msewu wafumbi imagunda kuposa kale. Mafuta mwina akwera pang'ono koma ndi katundu amene ndimanyamula sindingaloze chala malimu. Penti yake ndi yopanda pake, dzimbiri layamba kale m'mbali mwa mabowo ndi mowotcherera, ndinapala n'kupoperapo ya m'chitini, chaka chamawa afunika kupentedwa onse bwinobwino. China ndi offset, muyeso wa mmene limu lalowera mkati kapena latulukira kunja, anga ndi 0 pomwe ma mag aja anali cha m'ma +30, nde tayala lililonse latuluka kunja masentimita atatu. Kukongola akongoladi, galimoto imaoneka yojintcha, koma matope amafika mpaka pa chogwirira chitseko, chiwongolero chimakankha kwambiri ukagunda dzenje, ndipo maberingi akutsogolo amanyamula mtolo wowonjezera. Anga mpaka pano ali bwino, ndimawagwedeza nthawi iliyonse galimoto ikakwera pa jeke. Ndikanakhala ndikugula lero ndikanafuna offset yoyandikira ya ku fakitale ndi bowo la 106.1 ngati lapezeka, ngakhale mtengo ukwereko.

Manati ndimawayesanso ndikayenda makilomita 50 mpaka 100 tayala likachotsedwa, makamaka poyamba paja penti ya kuseri ikuphwanyika amamasuka ndithu, pano anakhazikika. Ndipo inu amene mwagula malimu anayi okha n'kusiya mag ngati sipeya, musataye manati akale, sungani 6 m'kathumba pamodzi ndi jeke, chifukwa osongokawo pa mag ya Toyota sagwira bwino ndipo mudzazikumbukira usiku muli pakati pa Ntcheu ndi Balaka tayala litaphulika.