Catamaran kapena monohull kumene maboti amathithikana

Nyengo ya tchuthi ikamayandikira, anzanga amene akufuna kubwereka boti la matanga amabwera ndi funso limodzimodzi: titenge catamaran (boti la matupi awiri olumikizidwa) kapena monohull (boti la thupi limodzi)? Ambiri amafunsa atagamula kale mumtima, chifukwa anaona zithunzi za catamaran ili phee pamadzi oyera mbee, anthu atagona chagada pa ukonde wa kutsogolo uja. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndilembe pano kamodzi. Ndineneretu kuti ine mtima wanga uli ku monohull, ndipo catamaran ndinaisungira mangawa. Werengani mukudziwa zimenezo.

Za kuchuluka kwa zipinda, kutakasuka kwa pokhala ndi kusapendekeka kwa catamaran sindikambapo zambiri. Wobwereketsa boti adzakuuzani zonsezo musanakhale n'komwe pampando, ndipo sakunama. Zimene sanena ndi zimene zimakuonekerani cha m'ma 4 koloko madzulo mukamafuna pogona, m'malo ngati gombe la Dalmatia ku Croatia, zilumba za Ionian ku Greece kapena Solent ku England, kumene maboti amachita kupondana m'miyezi ya July ndi August.

Nkhani yonse yagona pa m'lifupi. Tengani maboti awiri otalika pafupifupi mofanana. Lagoon 42, imene ili catamaran, m'lifupi mwake ndi pafupifupi mamita 7.7. Oceanis 41.1, imene ili monohull, ndi mamita 4.2. Malo oimikapo maboti m'marina ambiri, madoko aja olipira ukamagonamo, anawayeza poganizira boti la thupi limodzi, ndiye catamaran ikalowa imadya malo a boti limodzi ndi theka, pena awiri. Eni marina samataya ndalama imeneyo. Amaiika pa bilu yanu: kwina amawonjezera theka la mtengo, kwina amachita kuwirikiza kawiri. Mtengo umene mumaona pa intaneti nthawi zambiri umakhala wa mita iliyonse ya m'litali, ndipo zowonjezera za catamaran zimalembedwa m'munsi ndi timalemba ting'onoting'ono.

Pa ulendo umene unandidanitsa ndi catamaran tinali pakati pa zilumba za kufupi ndi mzinda wa Split ku Croatia. Kampani imene inatibwereketsa boti inatiwerengera zonse zimene inafuna kuti timve: chikole, zoyeretsera boti, msonkho wa alendo wa munthu aliyense pa usiku. Za pogona inangoti "mudzaona komweko." Tsiku lina zanyengo zinalengeza kuti usiku kubwera bura, mphepo ya kumpoto chakum'mawa ija imene imatsika m'mapiri mwadzidzidzi ndi ukali, ndipo aliyense anathamangira kumene kuli khoma lotchinga mafunde. Tinaitana marina ina pa wailesi ya VHF. Munthu wa kumeneko sanafunse dzina la boti kapena m'litali mwake. Funso lake loyamba linali lakuti ndife monohull kapena catamaran. Titayankha, panadutsa kanthawi wailesi ikungoti tswee, kenako anati malo atha. Tili chizungulirebe pakhomo pa dokolo, monohull imene inali kumbuyo kwathu inaitana pa tchanelo chomwecho, ndipo tonse tinamva akuiuza kuti ikonze zingwe ilowe. Tinaiona ikulowa, munthu wa pa doko atanyamula kale chingwe m'manja kuidikirira.

Malo tinakawapeza kwina kutatsala pang'ono kuda. M'mawa mwake mayi wa mu ofesi anatembenuza kompyuta kuti ndione ndekha: mzere woyamba unali mtengo umene ndinaudziwa, mzere wachiwiri unali mtengo womwewo kachiwiri, pambali pake palembedwa kuti catamaran. Madzi ndi magetsi anali ofanana ndi a aliyense. Bafa linali lomwe lija la aliyense, la mzere wautali. Chimene tinalipira kawiri ndi madzi opanda kanthu amene anali pakati pa matupi awiri a boti lathu. Ukawonkhetsa zimenezi kwa sabata yathunthu, ndalama ya pogona yokha imasintha bajeti yonse, ndipo imeneyi ndi ndalama imene anthu agwirizana kale kugawana asanaidziwe. Mikangano imene imabuka pa boti chifukwa cha izo ndi nkhani ina.

Musaganize kuti muthawa kulipira pomangirira pa buoy, choyandama chija chimene chimamangidwa pansi pa nyanja kuti maboti azimangirirapo. M'magombe ambiri a Croatia ma buoy ndi a anthu amene anapatsidwa chilolezo ndi boma, ndipo madzulo amabwera pa kaboti ndi buku la malisiti. Nawonso ambiri ali ndi mtengo wapadera wa catamaran. Kwina malo odyera amakupatsani buoy ulere malinga mukadye kwawo, koma ukakhala ndi anthu asanu ndi atatu amene catamaran inakulimbikitsa kutenga, ulere umenewo uli ndi mtengo wake. Ku zilumba za Kornati, kumene ndi malo otetezedwa kuyambira 1980, mumalipiranso polowa molingana ndi kukula kwa boti. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Pali pamene catamaran imapambana ndithu, ndipo ndisabise. Ili ndi injini ziwiri, ina mbali iyi ina mbali iyo, motero ukaika ina kutsogolo ina kumbuyo boti limazungulira pamalo amodzi osasuntha. Monohull ikamabwerera chammbuyo imakokera mbali imodzi chifukwa cha mmene pulopela imazungulira, ndipo woyendetsa wosazolowera amatuluka thukuta polowetsa kumbuyo kwa boti pakati pa maboti awiri, anthu a m'malo odyera akumuonerera. Pamenepo catamaran ndi yofewa kuigwira. Koma ubwino umenewu umatha mphepo ikamaomba cham'mbali. Catamaran ndi yaitali m'mwamba, pansi ilibe keel yozama (chipsepse cha pansi pa boti) yoigwira, ndiye mphepo imaikankha chammbali mwachangu, ndipo woyendetsa ali pachiwongolero nthawi zambiri saona ngodya ya mbali inayo. Masana ku Adriatic, nyanja imene kuli gombe la Croatia, kumaomba mphepo yotchedwa maestral, imene imakula nthawi yomweyo imene aliyense akufuna kulowa pa doko.

Ku Ionian vuto limasintha nkhope. Pa madoko ang'onoang'ono ambiri, monga Fiskardo pa chilumba cha Kefalonia kapena Kioni ku Ithaca, mumaponya nangula wanu pakati pa doko n'kubwerera chammbuyo mpaka kukhoma. Maboti akachuluka matcheni amapingasana pansi, ndipo m'mawa uliwonse pamakhala wina amene wakoka nangula wa mnzake, anthu akukuwa m'zilankhulo zosiyanasiyana. Izi zimagwera aliyense, monohull kaya catamaran. Kusiyana kwake n'kwakuti mpata wa mamita anayi ndi theka pakati pa maboti awiri umapezeka ngakhale mochedwa, anzako akakankha ma fender (zotchinga zofewa zolendewera m'mbali mwa boti) pang'ono ukulowa. Mpata wa mamita asanu ndi atatu supezeka dzuwa likapendeka. Ndiye wa catamaran amene akufuna kugona pakhoma ayenera kufika usanakwane masana, ndipo mphepo yabwino ya ku Ionian imayamba masana. Mwabwereka boti la matanga kuti muzifika pa doko mphepo isanayambe.

Za kuyenda kwenikweni, mphepo ikamachokera cham'mbali kapena kumbuyo catamaran imathamanga bwino, nthawi zina kuposa monohull. Koma m'madzi odzaza simusankha kumene mukufuna kuloza. Mumakhota kupewa uyu, kukhotanso kupewa uyo, ndipo nthawi zambiri mumayenda molimbana ndi mphepo m'njira yopapatiza. Apa monohull ndi ina. Imaloza pafupi ndi kumene mphepo ikuchokera, ndipo ukaikhotetsa imatembenuka nthawi yomweyo. Catamaran yobwereketsa, yodzaza ndi mafiriji, jenereta ndi matanki a madzi, imatembenuka mwaulesi, pena imaima pakati mphepo itaigwira pamphuno. Woyendetsa amatopa n'kuliza injini.

Akaliza injini, malamulo amasintha, ndipo ambiri amaiwala zimenezi. Malamulo a padziko lonse opewera kugundana panyanja, a mu 1972, amati boti limene likuyendera injini ndi boti la injini ngakhale matanga ali m'mwamba. Liyenera kupatukira maboti amene akuyendera mphepo yokha, ndipo masana liyenera kukweza chizindikiro chakuda chosongoka choloza pansi. Ndi angati amene amachikweza? Pakati pa maboti awiri a matanga lamulo ndi losavuta: amene mphepo ikumuomba kuchokera kumanzere apatuke, ndipo ngati onse ikuwaomba mbali imodzi, amene ali kumene mphepo ikuchokera ndiye apatuke. Wopitirira mnzake amapatuka nthawi zonse. Koma kupatuka kumafuna boti lomvera msanga, ndi woyendetsa amene akuona mbali zonse.

Kumene izi zimaonekera bwino ndi ku Solent, pakati pa chilumba cha Isle of Wight ndi mtunda wa England. Kumeneko mpikisano wa Cowes Week unayamba mu 1826, ndipo Round the Island Race, umene unayamba mu 1931, umasonkhanitsa maboti mazanamazana tsiku limodzi. M'madzi omwewo mumadutsa sitima zonyamula makontena zopita ku Southampton, zimene zimakhota movutikira pozungulira mchenga wa Bramble Bank. Sitima yotalika kuposa mamita 150 ikakhala m'dera limenelo, maboti ang'onoang'ono saloledwa kulowa mamita 1,000 kutsogolo kwake ndi mamita 100 mbali iliyonse. Lamulo la m'njira zopapatiza limanenanso kuti boti la matanga, kapena lililonse losakwana mamita 20, lisatsekereze sitima imene singatuluke m'njiramo. Mukamva kulira kwa hutala kasanu motsatizana, dziwani kuti wina pa sitimapo sakumvetsa chimene mukuchita. Onjezani madzi amene amakoka mwamphamvu akamadzaza ndi kuphwa, makamaka pa Hurst, khomo lopapatiza la kumadzulo kwa Solent, ndipo muona chifukwa chake ndikufuna boti limene ndikalikhotetsa limakhota. Mitsinje ya kumeneko, monga Hamble, Beaulieu ndi Lymington, ndi yopapatiza, maboti omangiriridwa mbali zonse, ndipo ku Yarmouth masiku otanganidwa maboti amamangirirana m'mbali, lina pa linzake. Palibe amene amasangalala akaona mamita asanu ndi atatu akubwera.

Anthu a catamaran ali ndi yankho limodzi lamphamvu: ife sitifuna marina, timagona pa nangula. Ndipo n'zoona kuti catamaran ya kukula uku imazama pang'ono kupitirira mita imodzi pamene monohull imafika mamita awiri, ndiye imalowa m'madzi osaya kufupi ndi gombe kumene ena sangafike. Pa nangula sigwedezeka ngati monohull, imene mafunde akabwera cham'mbali usiku mbale zimalira m'kabati mpaka kucha. Pamenepa ndikugonja. Komabe pa gombe lodzaza catamaran imatembenuka motsatira mphepo pamene maboti a keel yozama amatsatira kumene madzi akukokera, ndiye kumene madzi amadzaza ndi kuphwa mumatha kudzuka pakati pa usiku mutayandikana ndi mnzanu amene madzulo anali kutali. Komanso pansi pa madzi osaya a Mediterranean pamamera udzu wa posidonia, umene ndi wotetezedwa. Ku zilumba za Balearic kuponya nangula pa udzu umenewu n'koletsedwa ndipo kuli chindapusa. Malo a mchenga woyera amene atsala aliyense amawafuna.

Zina ndi zachidule. Mtengo wobwereka catamaran ndi wokwera kwambiri kuposa monohull yotalika mofanana, ndipo chikole chake n'chokwera. Dizilo amapita wambiri chifukwa injini ndi ziwiri ndipo mumaziliza kawirikawiri. Lachisanu madzulo, pamene maboti onse obwereka akubwerera kuti akaperekedwe Loweruka, mzere wothira mafuta umakhala wautali kwa aliyense, koma kudikira pamzere mphepo ikukukankha n'kowawa kwambiri pa catamaran. Popeza sipendekeka, sikuchenjezani kuti thanga lachuluka. Muyenera kuyang'ana nambala za mphepo n'kuchepetsa thanga pa nthawi yake, pamene monohull imakuuzani yokha ikayamba kugona cham'mbali.

Ndiye ndimawauza chiyani anzanga? Ngati pagulu panu pali ana aang'ono, okalamba kapena munthu amene nseru imamugwira boti likangopendekeka, ndipo mwagwirizana kuti masiku ambiri mugona pa nangula kutali ndi matauni, tengani catamaran, ndipo musandimvere ine. Ngati mukufuna kumagona m'madoko otchuka pakati pa July ndi August, kumafika madzulo mutayendera mphepo tsiku lonse, tengani monohull yosapitirira mamita 12 kapena 13, makamaka yokhala ndi bow thruster, kapulopela kamene kamakankhira mphuno ya boti cham'mbali. Amene mwaumirirabe catamaran, musanasaine funsani wobwereketsa akulembereni m'lifupi mwa botilo, kenako lemberani marina iliyonse imene mukufuna kugonamo, muwauze m'lifupimo ndi tsiku, ndipo akuyankheni mtengo wake polemba. Imene ikulola kusungitsa malo, sungitsani musananyamuke.