Ndemanga: masiku awiri ndi gulu la ng'oma za samba lochokera ku Rio de Janeiro

Gulu lathu la ng'oma kuno ku Manchester linaitana oimba samba 8 ochokera ku Rio de Janeiro, m'dziko la Brazil, omwe anali paulendo wozungulira mizinda ya ku Ulaya. Tinapangana maphunziro a masiku awiri, maola atatu Loweruka ndi ena atatu Lamlungu, komanso phwando la Loweruka usiku. Ophunzira tinalipo 28. Tikuwapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Pa kaimbidwe palibe chowanena, ndipo kaphunzitsidwe kawo n'ka anthu oti anakulira m'ng'omazi. Nyenyezi yachisanu yatayika chifukwa cha zida, popeza sanatiuze msanga zimene abweretsa ndi zimene tiyenera kupeza tokha. Amene mukufuna kuitana gulu lotere, nkhani ya zida ikhale yoyamba pa zokambirana zanu, ndalama zibwere pambuyo.

Gulu la ng'oma za samba amalitcha bateria. Ku Rio, bateria ya sukulu yaikulu ya samba, kutanthauza bungwe la oimba ndi ovina samba, imakhala ndi oimba oposa 200 ikamadutsa mu Sambódromo, bwalo lalitali mamita pafupifupi 700 lomwe analijambula Oscar Niemeyer n'kulitsegula mu 1984. Anthu 8 sangasenze zida za khamu lotero pandege. Alendo athu anabwera ndi ng'oma zazikulu za surdo zitatu zokha, atazilowetsana, yaing'ono m'kati mwa yokulirapo, kuti zikwane m'chikwama chimodzi. Anabweretsanso ng'oma zocheperako, ma caixa anayi ndi ma repinique awiri, ndi mulu wa tizida ting'onoting'ono. Uthenga woti zotsalazo tibwereke kwa magulu a konkuno unatipeza kutatsala masiku atatu okha.

Zotsatira zake zinamveka Loweruka mmawa. Popeza chida chomwe chinalipo chochuluka chinali tamborim, anthu 11 anagwira chimenecho. Tamborim ndi kang'oma ka mainchesi 6, kachikopa ka nayiloni kokungika kwambiri, komenyedwa ndi kandodo ka pulasitiki ka nthambi zingapo. Kamalira moboola khutu. Titamborim 11 tinaphimbiratu ma caixa anayi aja, ndipo amene anali kumbuyo sankamvanso surdo. Pofika Lamlungu tinali titabwereka zida, ndipo a mestre, mtsogoleri wa bateria, anatigawa chonchi: ma surdo 6, ma caixa 7, ma repinique atatu, titamborim 6, maseche achitsulo otchedwa chocalho anayi ndi mabelu a agogô awiri. Anthu omwewo, holo yomweyo, koma nyimbo inaima. Kagawidwe kameneka musakaiwale ngati gulu lanu lili pafupi ndi anthu 30.

Ndalama zathu zinapindula kwambiri pa kaphunzitsidwe ka surdo. Samba imayenda ziwiriziwiri, chimodzi, chiwiri, ndipo kulemera kwake kuli pa chiwiri. Surdo yaikulu, primeira, ya mainchesi 22 kapena 24, ndiyo yamawu akuya kuposa zonse ndipo imagunda pa chiwiri. Segunda, yocheperako ndi yokungika pang'ono kuposa inzake, imayankha pa chimodzi. Terceira, ya mainchesi 18, imadumphadumpha pakati pa ziwirizo. Woyamba kumene amafuna kuika kugunda kwakukulu pa chimodzi, monga mmene nyimbo zambiri za pawailesi zimachitira, ndipo samba imasanduka nyimbo yogubira asilikali. A mestre sanatipatse ndodo kwa mphindi 20 zoyamba. Anatiimika m'mizere iwiri yoyang'anizana, tikuponda pansi mosinthanitsa miyendo, mzere uwu ukunena “bum”, winawo ukuyankha “dum”, mpaka thupi litadziwa malo ake. Atatipatsa ndodo zamutu wofewa zija, anagwira dzanja lamanzere la munthu aliyense payekha n'kumuonetsa ntchito yake: mnzako akamagunda, iwe ugoneke chikhatho pachikopa kuti ng'oma yako ikhale chete. Ukapanda kutero, mawu a ng'oma ziwirizo amalowana n'kukhala phala, ndipo ovina sadziwanso poponda.

Anatikumbutsanso kuti kachitidwe aka si ka sukulu zonse. Mangueira, yomwe inayamba mu 1928, imadziwika ndi kugunda kumodzi kokha kwa primeira, popanda segunda yoyankha. Anatiimbira mitundu yonse iwiri motsatizana kuti khutu lisiyanitse.

Caixa ndiyo inativuta tonse, ndipo ndi imene inatitsimikizira kuti kuitana anthu a ku Rio n'kosiyana ndi kuphunzira pa YouTube. Ndi ng'oma ya mainchesi 12 yokhala ndi mawaya okungidwa pachikopa, yomenyedwa ndi ndodo ziwiri. Pa kugunda kulikonse kwa surdo, caixa imamenya kanayi. Pa liwiro la samba ya pa chikondwerero cha carnaval masiku ano, kugunda 140 pa mphindi kapena kupitirirapo, ndiye kuti manja amenya ka 560 pa mphindi imodzi. Koma vuto si liwirolo ayi. Kumenya kunayiko sikotalikirana mofanana. Kwachiwiri ndi kwachitatu kumapanikizana pang'ono, kwachinayi kumatsamira kutsogolo ngati kukukokera kugunda kotsatira. Eni ake amati balanço. Papepala simungazilembe, ndipo amene anaphunzira ng'oma za bandi ya kusukulu amamenya kanayi kofanana ndendende, zomveka bwino koma zouma. Mphunzitsi wa caixa, mayi wamanja opepuka modabwitsa, anatsitsa liwiro kufika pa 90, naima kumbuyo kwa wophunzira mmodzi, n'kumamenya pamapewa pake ndi zala kuti amve kutsamirako m'thupi. Patapita mphindi zochepa manja a mnyamatayo anamasuka, ndodo zinayamba kudumpha zokha pachikopa, ndipo mayiyo anangogwedeza mutu n'kupita kwa wotsatira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa caixa anadekha nafe. Pa zida zina nthawi inawathawa.

Repinique ndiyo ng'oma yolamula. Amene munamvapo mbalule ikutsogolera ng'oma zinzake pabwalo la gule mudzaizindikira ntchito yake msanga: imaitana, bateria imayankha, ndipo ndiyo imalowetsa gulu lonse m'nyimbo. Ku Rio amaimenya ndi ndodo imodzi ndi chikhatho. Anatiphunzitsa maitanidwe awiri okha, ndipo anachita bwino, chifukwa achitatu akanasokoneza awiri oyambawo. A mestre amagwiritsanso wenzulo ndi zizindikiro za manja. Wenzulo umangoti “yang'anani kuno”, dzanja ndilo limanena chochita. Ophunzira ambiri amaweramira ng'oma zawo osakweza maso, motero amaphonya chizindikiro n'kupitiriza kumenya anzawo ataima.

Pa tamborim tili ndi dandaulo. Kamenyedwe kotchedwa carreteiro, kopotokola kang'omako ndi dzanja lamanzere kuti kakumane ndi ndodo ikamabwerera m'mwamba, kamatenga miyezi kuti kalowe m'manja. Iwo anakaonetsa kwa mphindi 10 tsiku loyamba n'kuyembekeza kuti tikaimba. Anthu anatuluka matuza pachala chamkombaphala, ena anataya mtima. Kwa oyamba kumene pemphani kuti ayambe ndi telecoteco, kamenyedwe kodukizadukiza kosafuna kupotokola dzanja, ndipo bweretsani pulasitala wokulunga zala. Chocalho nachonso anthu amachiderera poyesa kuti n'chopepuka. Pakatha mphindi zisanu mapewa amayaka moto, woimbayo amayamba kutsalira, ndipo popeza chimamveka pamwamba pa zonse, chimakokera gulu lonse m'mbuyo. Sinthanani pa mphindi 15 zilizonse.

Cuíca sanaphunzitse, anangotilola kuigwira. Ndi ng'oma yokhala ndi kandodo ka nsungwi komangiriridwa pakati pa chikopa cha m'kati, komwe amakakhuza ndi kansalu konyowa, chala cha dzanja linalo chikukanikiza chikopa kunja kuti mawu akwere kapena atsike. Inafika ku Brazil ndi anthu ogwidwa ukapolo ku Angola ndi ku Congo, ndipo ku Angola ng'oma yamtunduwu amaitcha puíta. Woimba wake anatchulanso Quelimane, doko lomwe zombo zinkanyamulirapo akapolo kupita ku Rio m'zaka zoyambirira za m'ma 1800. Mbiri anaipatsa mphindi zochepa, koma sanaibise kapena kuikometsera, ndipo tinawalemekeza nazo.

Za holo, cholakwa chinali chathu, koma gulu loyendayenda chonchi linayenera kutifunsa. Tinabwereka holo yochitiramo masewera, yamakoma a njerwa opanda kanthu. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Khoma likakhala pa mamita 17, mawu amapita n'kubwerera m'gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, yomwe ndi pafupifupi nthawi ya pakati pa kumenya kuwiri kwa caixa pa liwiro la 140. Ndiye woimba amamva caixa ziwiri, yeniyeni ndi ya khoma, osadziwa yoti atsate. Lamlungu tinakoka makatani onse, tinapachika mabulangete kukhoma lakutali, tinaima mothinana pakona imodzi, ma surdo m'mbali ndi ma caixa pakati, ndipo zinachepa. Chipinda chokhala ndi kapeti ndi denga lofewa n'chabwino kuposa holo yaikulu yopanda kanthu.

Makutu musawaseweretse. Bateria m'chipinda chotseka imadutsa madesibelo 100 pa muyeso wa phokoso. Malamulo a phokoso pantchito kuno ku Britain, a mu 2005, amalamula zoteteza makutu phokoso la tsiku lonse likafika pa 85, ndipo pa 100 khutu losatetezedwa liyenera kumva kwa mphindi 15 zokha. Alendowo onse anali ndi zotsekera m'makutu zawo, koma sanabweretse za ophunzira ndipo sanazitchule m'makalata. Tinathamangira kufamase nthawi yopuma. Gulani bokosi la zasiponji musanayambe, ana muwapezere zovala kumutu zophimba khutu lonse.

Chinyontho cha kuno nachonso chinaonetsa mphamvu zake. Ma surdo awo awiri anali ndi chikopa chenicheni pamwamba ndi nayiloni pansi. Atagona m'galimoto yozizira usiku wonse, chikopa chinakhwefuka, ng'oma n'kumalira ngati katoni. Kwathu tikanaziwamba pamoto. Izi zili ndi ndodo zachitsulo zokhala ndi manati kuzungulira thupi la aluminiyamu, ndiye amakunga ndi sipanala. Anazisiya kaye m'chipinda kwa theka la ola kuti zizolowere kutentha, kenako anamanga nati iliyonse kota ya kuzungulira, n'kudumphira ya mbali yoyang'anizana nayo, osati yoyandikana, uku akugogoda ndi chala pafupi ndi nati iliyonse kuti mawu afanane. Ukamanga mbali imodzi yokha, mkombero umapindika ndipo chikopa chimang'ambikira pamenepo. Anatichenjeza kuti tisaziyandikize ku hita, komanso kuti tizikhwefula pang'ono tikamaliza, chifukwa chikopa chokungidwa kuli chinyezi chimaphulika chikauma. Malamba awo ndi a phewa limodzi okhala ndi ngowe, ndipo mkombero wa pansi wa surdo umagunda msongolo poyenda. Zoteteza maondo za osewera mpira wa manja zimathandiza.

Chingerezi cha a mestre n'chochepa. Zambiri amaphunzitsa ndi pakamwa, kuimba kamenyedweko m'mawu kuti mubwereze, ndipo zimatheka. Mafunso ozama okha ndi amene amafuna womasulira. Ife anatithandiza ndi mnzathu wokulira ku Tete yemwe amalankhula Chipwitikizi, ngakhale anati kalankhulidwe ka ku Rio kamathamanga ndipo kali ndi mawu ake.

Phwando la usiku linali zigawo ziwiri za mphindi 40. Anayamba mofatsa ndi kang'oma kamaseche kotchedwa pandeiro, kagitala ka nsambo zinayi kotchedwa cavaquinho ndi woimba mmodzi, atakhala mozungulira tebulo, kenako anaimirira n'kunyamula ng'oma zazikulu. Woyendetsa zokuzira mawu anali ataika maikolofoni pa ma surdo, ndipo a mestre anawachotsetsa. M'holo ya anthu 200 ng'omazi zimadzikwanira zokha, ofunika maikolofoni ndi woimba, cavaquinho ndi cuíca basi. Chimene sitidzaiwala ndi paradinha, kuima kwadzidzidzi komwe anthu amati anakutchukitsa ndi Mestre André wa sukulu ya Mocidade Independente de Padre Miguel. A mestre anakweza chibakera, ng'oma zonse zinati zii, kunangotsala mawu a woimba ndi mapazi a ovina akupondabe pa nthawi yake. Repinique inaitana, ndipo onse 8 anagwera limodzi pa kugunda kumodzi, mpaka matambula anasuntha patebulo. Chakumapeto anaimbako samba-reggae, kaimbidwe ka ku Salvador m'chigawo cha Bahia komwe kanatchuka ndi gulu la Olodum. Anthu anavina, koma zinkamveka kuti si kwawo: kanali kothamanga ndi kopepuka kuposa mmene a ku Bahia amakaimbira. Ngati gulu lanu likufuna samba-reggae, itanani a ku Salvador.

Anafika pa nthawi yake masiku onse awiri, ndipo Lamlungu anawonjezera theka la ola osalipiritsa. Anatilola kujambula pa foni chida chilichonse payekha, pa liwiro lotsika ndi lenileni, ndipo mavidiyo amenewo ndiwo tikugwiritsa pokonzekera Lachinayi lililonse. Tsiku limodzi lokha silikwana, chifukwa maola atatu oyamba amathera pa kuima, kugwira ndodo ndi kuzolowera phokoso. Tidzawaitananso akadzabwera ku Ulaya, koma m'pangano tidzalembamo chiwerengero cha chida chilichonse, amene adzachibweretse, ndi tsiku lotsimikizira kutatsala mwezi wathunthu.