Kulipira mpando wa pa zenera kuchoka ku Nairobi kupita ku Lilongwe

Makampani ambiri a ndege masiku ano amalipiritsa munthu amene akufuna kudzisankhira mpando pogula tikiti pa intaneti, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkaona ngati kumeneku n'kutidyera ndalama chabe, popeza mipando yonse imakafika nthawi imodzi. Pa ulendo wanga wobwerera kwathu kuchokera ku Nairobi ndinalolera kulipira, ndipo chimene chinandikopa ndi phiri la Kilimanjaro.

Ndege ikanyamuka pa bwalo la Jomo Kenyatta n'kulunjika kumwera, phirili limatsala chakum'mawa, choncho amaliona ndi okhala kumanzere, pa mipando ya chilembo A, pamene a kumanja amangomva anzawo akudabwa. Titangobowola mitambo, nsonga ya Kibo, yotalika mamita 5,895, inaonekera payokha ngati chilumba pakati pa nyanja yoyera, chipale chikuwala pamwamba pake, nayo nsonga yosongoka ya Mawenzi ili chapambali. Phiri la Meru, lomwe lili pafupi ndi mzinda wa Arusha, linaoneka mbali yomweyo, ndipo likanakhala kwina likanatamandidwa kwambiri, koma tsoka lake n'kuyandikana ndi chimphona. Mphindi zochepa zimenezo zinandikwanira kuti ndisadandaulenso za ndalama yanga.

Komabe ntchito yosankhitsa mipandoyi ili ndi pofooka. Chithunzi cha mipando chimene kampaniyo inandionetsa sichinasonyeze bwino pamene phiko layambira ndi pamene lathera, moti mpando wanga unali pafupi ndi phiko kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo poyang'ana pansi ndinkachita kusuzumira chakutsogolo. Munthu wolipira chifukwa chofuna kuona dziko ayenera kuuzidwa zimenezi asanalipire. Mipando yabwino ndi ya kutsogolo kwa phiko, kapena ya kumbuyo kwenikweni, ngakhale kuti kumbuyoko mpweya wotentha wochokera mu injini umachititsa zinthu kuoneka ngati zikuvina. Zenera langa linalinso lokandikakandika, ndipo popeza unali ulendo wam'mawa, dzuwa linkawomba mbali yathu yomweyo, motero zithunzi zambiri za pa foni zinatuluka zotuwa.

Chimene sindinachiganizire posankha chinali nyanja ya Malawi. Munthu amene wangoionera pagombe, kaya ku Senga Bay kapena ku Nkhata Bay, sadziwa bwino kutalika kwake, koma kuchokera kumwamba imaoneka itagona pakati pa mapiri, yabiriwiri mpaka maso kutopa. Titaidutsa, kumanzere kwanga kunaoneka zilumba za Likoma ndi Chizumulu, kuseri kwake kuli gombe la Mozambique, kenako minda ndi midzi ya chigawo chapakati mpaka tinatera ku Lumbadzi, pa bwalo la Kamuzu.

Ndingalipirenso mosakayika pa ulendo wa masana, makamaka mvula itangotha kumene, thambo lili loyera. M'miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala, pamene utsi wa moto wolusa ndi fumbi zimaphimba dziko, sindingataye ndalamayo, ndipo pa ulendo wa usiku ndingasankhe mpando wa m'mbali mwa kanjira kuti nditambasule miyendo. Popita ku Nairobi zinthu zimatembenuka, chifukwa Kilimanjaro amakhala kudzanja lamanja.