Sitolo ya ndiwo ya ku Zomba yomwe imatha kunena kumene katundu wake wachokera

Pafupi ndi msika waukulu wa Zomba pali sitolo ina yogulitsa nyama, nsomba ndi mazira yomwe ndakhala ndikugulako ndiwo kwa nthawi ndithu. Mitengo yake ndi yokwererapo poyerekeza ndi ya mumsika, choncho funso loyenera kufunsa ndi lakuti ndalama zowonjezerazo zikugula chiyani. Yankho langa ndi lakuti zikugula chinthu chimodzi chomwe ogulitsa ambiri alibe, ndicho kutha kufotokoza kumene ndiwo zachokera, ngakhale kuti kufotokozako sikufika pa katundu yense wa m'sitolomo.

Nyama ya ng'ombe ndi ya mbuzi imafika ili ndi chidindo cha alangizi a ziweto, ndipo wogula akapempha kuti achione, anyamata a pa sikelo amamuonetsa mosanyinyirika. Chidindochi si chokongoletsera. Chimatanthauza kuti wina wodziwa ntchito anayang'ana mapapo ngati muli zizindikiro za chifuwa chachikulu, anang'amba chiwindi kuti aone ngati muli nyongolotsi, ndipo anatsimikiza kuti chiwetocho chinachita kuphedwa osati kufa chokha. Mwini sitolo amati ng'ombe zake zambiri zimachokera ku Chikwawa, ndipo umboni wake ndinauona pamene boma linaletsa kutulutsa ziweto m'chigwa cha Shire chifukwa cha matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi: furiji ya nyama ya ng'ombe inakhala pafupifupi yopanda kanthu, pomwe malo ena nyama inali mbwee, osadziwika kuti yadzera njira iti. Nyama ya nkhumba sagulitsa, poti ambiri mwa ogula ndi Asilamu ndipo ziweto zimazingidwa motsatira malamulo a chipembedzocho.

Kumene sitoloyi yandikhutiritsa kwambiri ndi ku nsomba, pakuti nkhani ya chambo ndi yovuta kuposa mmene ambirife timaiganizira tikamadya. Mu 2018 bungwe la IUCN, loona za kuteteza zachilengedwe pa dziko lonse, linaika mitundu ya chambo ya m'nyanja ya Malawi m'gulu la zamoyo zomwe zili pachiopsezo chachikulu cha kutheratu. Chifukwa china chili m'maberekedwe a nsombayi. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi tiana take m'kamwa, kotero kuti khoka likakoka m'madzi osaya m'nyengo yoswana, silipha nsomba imodzi yokha koma ndi ana ake omwe. N'chifukwa chake nthambi ya za nsomba imatseka nyanja kwa asodzi a makoka kuyambira pa 1 Novembala chaka chilichonse, ndipo lamulo limaletsa kugwira chambo chosakwana masentimita 15. Komabe aliyense woyenda mumsika amadziwa kuti kasawala, yemwe ndi tiana ta chambo, amagulitsidwa poyera, milumilu, ndipo ife ogula ndife timamusangalalira chifukwa ndi wotchipa.

M'sitolo muno kasawala sindinamuonepo. M'miyezi yomwe nyanja imakhala yotseka, amagulitsa nsomba zoweta zokha, makamaka makumba ndi chilunguni zochokera m'maiwe a alimi a m'boma lomweli, ndipo amazitchula ndi maina ake enieni m'malo moti zonse azingoti chambo monga amachitira ena. Kunena mosabisa, makumba a m'dziwe sakoma ngati chambo cha ku Mangochi. Mnofu wake ndi wochepa ndipo nthawi zina umamveka kafungo ka matope. Koma wogula amadziwa chimene walipira, ndipo kwa ine kulekerera kukoma pang'ono kwa miyezi yochepa si mtengo waukulu. Asodzi a pa chilumba cha Mbenji ku Salima akhala akutseka malo awo nthawi ya dzinja motsogozedwa ndi mafumu a Makanjira kuyambira m'zaka za m'ma 1950, choncho sitinganene kuti kupumitsa nyanja ndi nzeru yobwera ndi alendo.

Usipa wouma amagulitsa waukuluukulu, wowala, wopanda mchenga, zomwe zikusonyeza kuti unayanikidwa pa thandala osati pansi. Pali jenereta yomwe imalira magetsi akangozima, ndipo nsomba zam'furiji zimakhala zolimba, zosaoneka kuti zinasungunuka n'kuumanso.

Mbali ya nkhuku ndi mazira ndiyo yandikhumudwitsa. Mazira amawaika m'mathireyi pafupi ndi zenera lomwe dzuwa la masana limawomba, ndipo palibe cholembedwa chosonyeza tsiku lomwe anaikiridwa. Nditafunsa ngati nkhukuzo zimakhala m'tizikwere ta waya kapena zimayenda m'khola, wogulitsa anangoti amabweretsa ndi galimoto Lachiwiri. Ena mwa mazira omwe ndinagula anayandama nditawaika m'madzi, chizindikiro chakuti akhalitsa, popeza mpweya wa m'kati mwa dzira umachuluka likamakalamba. Palinso thireyi ina yomwe amaikweza mtengo ponena kuti ndi mazira a nkhuku zachikuda, koma umboni womwe amapereka ndi mtundu wa chikhokhombe basi. Umenewu si umboni, chifukwa mtundu wa chikhokhombe umatengera mtundu wa nkhuku, ndipo kufiirira kwa m'kati mwa dzira kumatengera chakudya chomwe nkhukuyo yadya.

Nkhuku zoyera nazonso zili ndi funso lomwe silinayankhidwe. Nkhukuzi zimakula m'masabata pafupifupi 6, ndipo alimi ena amazimwetsa mankhwala opha tizilombo mpaka tsiku lozigulitsa, osadikira masiku omwe amalembedwa pa paketi kuti mankhwala atheretu m'thupi. Mchitidwe wotere ndi umodzi mwa zomwe zikuchititsa kuti mankhwala ena aleke kugwira ntchito pa anthu odwala. Sindikunena kuti nkhuku za m'sitoloyi ndi zotero, koma munthu yemwe amadziwa boma lomwe ng'ombe yake yachokera sayenera kulephera kutchula khola lomwe likumupatsa nkhuku, makamaka pamene alimi oweta nkhuku za mikolongwe ndi zachikuda ali pafupi pomwepa.

Ukhondo wa pamalopo ndi wabwino: thabwa lodulirapo nkhuku n'losiyana ndi la nyama ya ng'ombe, ndipo wolandira ndalama sagwira ndiwo. Nyama ndi nsomba ndipitiriza kugula kumeneku ndipo ena ndikuwalimbikitsa kutero. Mazira ndabwerera kwa mayi wina wa ku Chinamwali yemwe nkhuku zake ndimaziona ndi maso, kufikira tsiku lomwe eni sitolo adzachotse mathireyi pa zenera paja n'kuyamba kulembapo masiku.