Zotola m'paki kapena mapaketi a m'sitolo: ntchito zamanja za ana nthawi yoyoyoka masamba

Kuno ku England mwezi wa Okutobala ukangolowa, makoma a sukulu za mkaka amadzaza ndi agologolo, maungu ndi akadzidzi a pepala. Kadzidziyo amene kwathu akalira padenga anthu sagona, kuno ndi chidole chokondedwa. Ife olera ana a zaka ziwiri mpaka zinayi timakangana nkhani imodzimodzi chaka ndi chaka: kodi tiitanitse mapaketi okonzeratu kwa ogulitsa zipangizo za ntchito zamanja monga Baker Ross kapena Hobbycraft, kapena tinyamule timadengu tipite ndi ana kukatola zimene mitengo yagwetsa?

Paketi ili ndi ubwino wake ndipo tisaunamizire. Zonse zimabwera zodulidwa kale, zambiri zimamata zokha popanda guluu, ndipo tebulo limakhala loyera mukamaliza. Lamulo limalola munthu mmodzi kuyang'anira ana 8 a zaka zitatu kupita m'tsogolo, ndipo kuyambira Seputembala 2023 limalola ana 5 a zaka ziwiri, pomwe kale anali 4. Tsiku loti mvula yakakamira kunja, mnzanu wadwala, m'chipinda muli ana olira awiri, paketi imakupulumutsani. Makolonso amasangalala, chifukwa mwana amatuluka atanyamula chinthu chooneka, choti akachimate pafiriji.

Vuto limaonekera mukazipachika pakhoma. Akadzidzi onse amafanana, ndipo amene wapendekeka diso mumapeza kuti mlezi wina wamuwongola mwana atatembenuka. Ndiye wapanga ndani? Mwana wangomata pamene wauzidwa. Ndondomeko ya EYFS, imene sukulu zonse za mkaka ku England zimatsata, ili ndi magawo 7 a maphunziro, ndipo gawo la luso limafuna kuti ana azisewera ndi zipangizo zosiyanasiyana n'kumayesa okha. Paketi sisiya mpata woyesera. Onaninso chizindikiro chakumbuyo: mapaketi ambiri amalembedwa kuti sayenera ana osakwana miyezi 36 chifukwa cha timaso tapulasitiki ndi timipira ting'onoting'ono, choncho m'chipinda cha ana a zaka ziwiri salowa n'komwe. Nanga glitter? Ndi tizidutswa tonyezimira ta pulasitiki timene timathera m'madzi, n'chifukwa chake a Tops Day Nurseries anailetsa m'sukulu zawo mu 2017.

Zotola sizifuna ndalama, koma zimadya nthawi ya mlezi, ndipo amene amati n'zosavuta sanayesepo. Musanatuluke pageti nthawi zambiri pamafunika chilolezo cha makolo ndi fomu younika zoopsa. Pitani m'mawa, chifukwa mawotchi akabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Okutobala, dzuwa limalowa 5 koloko isanakwane. M'paki maso azikhala pansi: pali ndowe za agalu, bowa wosadziwika, ndi tizipatso tofiira ta mtengo wa yew timene njere zake ndi poizoni. Ma conker, mbewu zonyezimira za mtengo wa horse chestnut, ana amawakonda kuposa china chilichonse, koma sadyedwa, amadwalitsa, ndipo mwana akhoza kutsamwa nawo. Ma acorn a mtengo wa oak ndi aang'ono kuposa pamenepo. Ine ana a zaka ziwiri ndimawapatsa masamba akuluakulu ndi zipatso zouma za paini basi, ndipo aliyense amasamba m'manja tikangobwerera.

Koma zimene mwana amapindula paulendowo paketi singam'patse. Amasankha yekha tsamba, amafananiza lalikulu ndi laling'ono, amawerenga ma conker, amaponya m'mwamba njere za sycamore n'kuona zikuzungulira potsika. Amafunsa chifukwa chake tsamba lasanduka lachikasu, ndipo yankho lake n'losavuta: mtengo ukamakonzekera chisanu, mtundu wobiriwira umatha, wachikasu umene unabisika umaonekera. Kuyankhula konseku kumachitika guluu asanatsegulidwe.

Posankha masamba, a horse chestnut asiyeni. Kambozi kena kamene kanapezeka koyamba ku Wimbledon mu 2002 kamawafumbula mkati, moti amakhala atapsa kale chilimwe chisanathe. A sycamore, a maple ndi a oak ndiwo abwino. Mukawasiya m'jumbo ali onyowa amachita nkhungu. Mukawasiya pamtunda amapotana n'kuyamba kufumbutuka. Ayaleni pakati pa manyuzipepala, muwatsindire ndi mabuku kwa masiku angapo. Kuwapaka guluu wa PVA wosungunula ndi madzi pang'ono kumathandiza kuti asathetheke msanga.

Ntchito yake imatengera msinkhu. Kuika tsamba pansi pa pepala, mitsempha itayang'ana kumwamba, n'kukhutiza ndi choko cha sera chogoneka, kumayenda bwino ndi ana a zaka zinayi. Aang'ono pepala limawathawa ndipo amakwiya. Iwowa apatseni penti, apake tsamba, alidinde papepala. Kwa a zaka zitatu, ikani pepala m'thireyi, donthezani penti, ponyamoni ma conker angapo, mwana azipendeketsa thireyi uku ndi uko. Mizere imene imatuluka sifanana ndi ya mnzake, ndipo dzanja limalimba.

Njira ina imene sitiitchula kawirikawiri pa mkanganowu ndi playdough wokanda nokha: makapu awiri a ufa wa tirigu, kapu imodzi ya mchere, mafuta pang'ono, madzi otentha, ndi sinamoni ngati mukufuna kafungo. Ameneyu amagwira ntchito imene dongo linkagwira kwa ife tikuumba ng'ombe kudambo. Payekha ndi wabwino, koma akakumana ndi zotola ndiye amapambana: timitengo timasanduka minga ya kanungu, chipatso cha paini chimasiya zidindo. Chenjezo ndi la mchere, umene ndi wambiri moti mwana akameza nthongo yaikulu akhoza kudwala kwambiri, ndiponso la ana amene thupi lawo siligwirizana ndi tirigu. Onani kaye mafaelo a ana musanakande.

Za maungu a Halloween, chikondwerero cha pa 31 Okutobala, sindichulutsa. Kusema nkhope ndi ntchito ya wamkulu ndi mpeni, mwana amangoonerera. Dulani pamwamba, ana akowe njere ndi sipuni kapena ndi manja, aziwerenge, zina muziumitse zodzabzala mu Epulo.

Ndalama za nyengoyi ine ndimaziika pa guluu, penti, mapepala olimba ndi timalaya todzitetezera ku penti. Paketi ndimasunga imodzi m'kabati ya tsiku lovuta. Chotsala ndi makolo, popeza pepala la mwana wa zaka ziwiri limapita kunyumba lili bii, tsamba limodzi litamatika pakona. Jambulani mwanayo ali mkati mwa ntchito, lembani mawu amene ananena akutola tsambalo, muike pa Tapestry kapena Famly, ma apu amene makolo amaonerapo za ana awo, makolowo asanabwere kudzamutenga.