Dashboard yawo inatitumiza lole ku Furancungo pachabe

Ndemanga iyi ndi ya kampani ija ya makompyuta ya mumzinda wa Tete imene inatikonzera dashboard, tsamba la pa kompyuta loonetsa ziwerengero za madepoti athu onse pamodzi. Ndaipatsa nyenyezi zitatu, ndipo ziwiri mwa izo ndi za mtsikana mmodzi wogwira ntchito kumeneko.

Timagula chimanga ndi soya kwa alimi. Madepoti athu ali ku Ulongué, Tsangano, Zóbuè ndi Furancungo, ndipo depoti iliyonse ili ndi list yake pa SharePoint, malo a pa intaneti osungirapo zolemba, pomwe kalaliki amalemba matumba olowa ndi otuluka. Kale Lachisanu lililonse ndinkatsegula ma list anayiwo n'kumakopera mu Excel mpaka dzuwa kulowa. Tinalipira kampaniyo mametikali 90,000 kuti zonse zizikumana pamodzi mu Power BI, pulogalamu yopangira ma dashboard, laisensi ya mwezi ndi mwezi payokha. Miyezi iwiri yoyamba zinayenda bwino.

Mu Juni, misika itatentha, dashboard inaonetsa matumba 420 a chimanga ku Furancungo. Abwana anatumiza lole kuchokera ku Ulongué, ndipo msewu umenewo mukuudziwa. Dalaivala atafika anandiimbira: "Achimwene, muno muli matumba 60 okha. Enawo anatengedwa sabata yatha." Mtima unandipweteka. Ndinayamba kukalipira kalaliki, mnyamata wosalakwa, chonsecho iye analemba zonse pa list yake tsiku lomwelo. Dashboard ndiyo inali itaima kwa masiku 9, koma inkaoneka yamoyo, mitundu yake ili phuliphuli.

Chinachitika n'chakuti bambo wa kukampaniko amene anakonza dashboard analumikiza ma list onse ndi akaunti yakeyake, osatiuza. Atasintha pasiwedi, refresh, kutanthauza kukoka ziwerengero zatsopano kuchokera pa ma list, inayamba kulephera. Power BI ikalephera kanayi motsatizana imazimitsa yokha ndandanda ya refresh, ndipo ma imelo ochenjeza ankapita kwa iyeyo, amene sankawawerenga. Nditamuimbira anandiyankha kuti, "Vuto ndi netiweki yanu ya kumudziko." Mawu amenewa andikhala pakhosi mpaka lero. Refresh imeneyi sidutsa n'komwe pa intaneti ya mu ofesi mwathu, ndipo iye amadziwa zimenezo. Anangoona kuti anthu a ku Angónia tingavomere chilichonse. Masiku atatu otsatira foni sankayankha.

Kenako anatitumizira mtsikana uja. Anakwera chapa (minibasi) yam'mawa, anakhala nafe tsiku lonse, ndipo choyamba anapepesa kwa kalaliki wa ku Furancungo pa foni ine ndili pomwepo. Anasamutsira zonse ku akaunti ya kampani yathu, machenjezo akumabwera kwa ine ndi abwana, ndipo pamwamba pa dashboard anaikapo tsiku ndi ola limene ziwerengero zalowa komaliza. Kanthu kakang'ono kameneka kakanakhalapo poyamba, lole ija sikananyamuka. Anatiuzanso kuti laisensi yathu ya Power BI, yotchedwa Pro, imalola refresh ka 8 pa tsiku, ndiye tinasankha maola ogwirizana ndi nthawi yotseka madepoti. Makalaliki anawachenjeza kuti asasinthe mayina a ma column pa list, chifukwa depoti imodzi ikatero, zonse zimaima.

Panopa Lachisanu ndimaweruka nthawi yabwino, zimenezo sindingabise. Koma ndalama ya dizilo ndi ya anyamata okweza matumba sanatibwezere, ndipo bambo uja mpaka lero sanaimbepo.